Makina oongola zovala popanda malasha: kodi angatithandize kuno kum'mawa?

Munthu wa kuno kwathu sapita pagulu ndi zovala zamakwinya. Kaya ndi pa Sondo ku chalichi, kaya ndi pa Mande ku sukulu, kaya ndi pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika pamene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa August, aliyense amafuna kuti citenje cake, shati yake kapena yunifomu ya mwana wake ikhale yoongoka bwino. M'midzi yambiri ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi nchito imeneyi imagwiridwa ndi nsimbi ya malasha, ndipo amene amakhalira kupemerera moto umenewo kawirikawiri ndi amai ndi ana a sukulu.

Ngakhale a pa boma amene ali ndi magetsi anaikumbukira nsimbi imeneyi m'caka ca 2024. Mvula inakana, ndipo pa 29 February caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, ndipo pofika mu September a ZESCO anali kuzimitsa magetsi mpaka maola 21 pa tsiku. Nsimbi ya magetsi inasanduka cokongoletsa m'nyumba. Sola yaing'ono ya pa denga nayonso siingathandize, cifukwa nsimbi imadya mphamvu yokwana mawati 1,000 kapena kuposa, pamene sola zambiri za m'midzi n'zongoyatsira nyale ndi kuchajira foni. Cotsala ndi malasha, ndipo tonse tidziwa mmene mitengo ikuthera m'mapiri athu.

Tsono pali makina ena amene anthu a ku Ulaya anaongolera zovala kwa zaka mazana angapo popanda moto kapena magetsi. Pa Cingelezi amachedwa mangle. Ndi bwino kuti tiwadziwe, tione mmene amagwirira nchito, zimene angatithandize, ndiponso cinthu cimodzi cacikulu cimene sangathe kuticitira ife a dziko lotentha.

Mmene makinawa anapangidwira

Taganizirani mitengo iwiri yobulungira ngati minsi, yosalala bwino, yogonekedwa wina pamwamba pa unzake. Mitengoyi imakhala pa miyendo ya citsulo. Cakumbali kuli mpini wopukusa ndi dzanja, monga uja wa makina osokera akale. Mpiniwo umatembenuza magiya, magiyawo amatembenuza mitengo iwiri ija, wina kuzungulira cakuno wina cauko, kotero kuti ciliconse cimene mwaika pakati pake cimakokedwa kulowa uku n'kutulukira mbali ina.

Pamwamba pali bauti lalikulu limene limatsindira sipuling'i, ndipo sipuling'iyo imapanikiza mtengo wapamwamba pa wapansi. Mukamanga bautilo, nsalu imapanikizika kwambiri. Mukafuna kupititsa bulangeti kapena cinthu cina cokhuthala, mumamasulako pang'ono. Pansi pali thabwa lopendekeka limene limatsogolera madzi kubwerera m'bafa. Magiya anaikidwa mwanjira yakuti dzanja limapukusa kangapo pamene mitengo ikuzungulira kamodzi, ndiye cifukwa cake munthu mmodzi amatha kupanikiza nsalu ndi mphamvu yoposa ya manja ake.

Makinawa ali ndi nchito ziwiri. Yoyamba ndi kufinya. Zovala zikangocoka m'madzi otsukuluzira, mumazipinda m'litali n'kuzipititsa pakati pa mitengo ija, madzi n'kutsikira pansi. Amafinya kuposa manja, ndipo sapotokola nsalu. Amene anafinyapo bulangeti lonyowa pa dambo adziwa mmene msana ndi mikono zimawawira. Nchito yaciwiri ndi kuongola. Zovala zikatsala pang'ono kuuma, mumazipinda mosamala, mabatani kulozetsa mkati kuti asasweke, n'kuzipititsanso kawiri kapena katatu. Zimatuluka zosalala, nthawi zina zonyezimira pang'ono, ndipo mumaziyanika kanthawi kuti ziumiretu.

Nanga nsalu imaongoka bwanji popanda moto?

Ulusi wa thonje, lomweli limene timalima kuno kum'mawa, uli ndi timinyewa ting'onoting'ono togwirana. Madzi akalowa, kugwirana kumeneku kumamasuka ndipo timinyewato timatha kusuntha. Nsalu ikauma ili yofinyika, timinyewato timagwirananso mmene tagonera, ndiwo makwinya amene timaona. Oluka mphasa ndi omanga nyumba amacidziwa cimeneci: luzi louma limathyoka, koma ukalinyika m'madzi limapindika mmene ufunira, ndipo likauma limakhala momwemo.

Conco kuti nsalu iongoke pafunika cinyezi coti cimasule ulusi ndi kulemera koti kuugoneke. Kutentha kumafulumizitsa nchito, cifukwa kumafewetsa ulusi ndi kuumitsa nsalu nthawi yomweyo ili yoongoka. Ndiye cifukwa cake amai akamachisa amawaza madzi pa shati asanaikepo nsimbi. Nsimbi imadalira kwambiri kutentha, pamene mangle imadalira cinyezi ndi kulemera cabe.

Nzeru imeneyi si yacilendo kwenikweni. Mnyamata wa ku sukulu yogonera komweko amene amapinda buluku lake n'kuliika pansi pa matilesi usiku, m'mawa n'kulipeza lili ndi mzere, amacita zomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti makina amacita m'kamphindi zimene matilesi amacita usiku wonse.

Pali nsalu zimene zimamvera makinawa ndi zina zimene sizimvera. Thonje ndi bafuta zimaongoka bwino. Zovala za polyester ndi nailoni, zimene zaculuka mu salaula, sizimwa madzi ambiri, conco zimafuna kutentha pang'ono kuti zioongoke. Komanso makinawa amakonda zinthu zathyathyathya: zitenje, mashiti a pa bedi, nsalu za pa tebulo, makatani, maduku ndi matawulo. Kolala wa shati, mapewa a jekete ndi mapindo a siketi ya sukulu amafunabe nsimbi.

Kumene anacokera

Mtundu wakale kwambiri unali wosavuta: thabwa limodzi lokhala ndi cogwirira ndi mtengo umodzi wobulungira. Unali wofala ku Norway, Denmark, Netherlands ndi Germany. Mai anali kukulunga nsalu yacinyezi pa mtengowo, n'kuuika pa tebulo, n'kumaugudubuza ndi thabwa lija uku akutsindira ndi thupi lake lonse. M'maiko amenewo mnyamata anali kusema thabwa lotere mokongola, cogwirira cake n'kucisema ngati kavalo, n'kukapatsa mtsikana amene afuna kukwatira. Ambiri a matabwa amenewa ali m'nyumba zosungiramo zinthu zakale mpaka lero.

M'zaka za m'ma 1600 kunabwera mtundu waukulu. Linali bokosi la matabwa lalitali ngati bedi, lodzaza miyala yoti amuna angapo sakanatha kuinyamula. Nsalu inali kukulungidwa pa mitengo yobulungira imene inali kuikidwa pansi pa bokosilo, ndipo bokosi linali kuyendetsedwa uku ndi uku pamwamba pake. Makina oterowa anali kupezeka m'nyumba za anthu olemera ndi m'malo ocapira zovala za anthu ambiri.

Mtundu wa mitengo iwiri ndi mpini, umene tafotokoza poyamba, unafala m'zaka za m'ma 1800 pamene citsulo cinachipa ku England. Matauni a Keighley ndi Accrington anadziwika ndi mafakitale opanga makinawa. Kwa anthu osauka, mangle inali ngati makina osokera kwa ife. Mai wamasiye akapeza imodzi, nthawi zina mothandizidwa ndi anansi kapena a chalichi, anali kuongola zovala za anthu n'kumalandira kandalama kodyetsera ana. Wolemba mabuku Charles Dickens anaika mai wotere, dzina lake Betty Higden, m'buku lake lochedwa Our Mutual Friend limene linatuluka m'zaka za 1864 ndi 1865.

Munthu wakuda nayenso ali m'mbiri imeneyi. Ellen Eglin, mai wogwira nchito za m'nyumba ku Washington m'dziko la America, anapanga makina ake ofinyira zovala, koma mu 1888 anagulitsa nzeru yakeyo pa madola 18 cabe. Cifukwa cimene anapereka n'cakuti anaopa kuti azimai aciyera sakanagula akanadziwa kuti wopanga wake ndi munthu wakuda.

Nsimbi ya magetsi inalembetsedwa ndi Henry Seely wa ku New York mu 1882. Magetsi atafika m'nyumba zambiri, ndiponso makina ocapira amene amafinya okha atafala pambuyo pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, mangle ya m'nyumba inayamba kuiwalika. Koma sinathe. M'mahotela akuluakulu ndi m'zipatala mashiti amaongoledwabe ndi makina a mtundu womwewu, oyendera magetsi ndi otenthetsedwa, ndipo ku Sweden nyumba zambiri zogona mabanja ambiri zili ndi mangle m'cipinda cocapira.

Zimene angatithandize kuno

Amene amachisa ndi malasha, kapena kusita monga amanenera anzathu a ku Malawi, adziwa kuti zinthu zikuluzikulu ndizo zimatha moto. Shiti imodzi imadya nthawi ya mashati angapo. Nsimbi imazizira, mumatsegula, mumaonjezera malasha kapena zitsononkho, mumaikupiza uku ndi uku kuti moto uyake, phulusa n'kugwera pa nsalu yoyera, kapena kanthethe n'kuboola citenje catsopano. Zonsezi pa mangle palibe.

Malo amene amacapa nsalu zambiri ndiwo angapindule koyamba: nyumba zogona alendo za m'mbali mwa mseu wa Great East, masukulu ogonera komweko, machalichi amene ali ndi nsalu za pa guwa ndi makatani, ndi magulu a azimai amene amabwereketsa nsalu zokongoletsera pa maukwati. M'nyengo ya dzinja, pamene dzuwa limaoneka pang'ono, zovala zofinyidwa ndi makina zimauma msanga ndipo sizinunkha cinyezi.

Kupanga kwake sikungagonjetse amisiri athu. Owocherera zitsulo a pa Katete ndi pa Sinda amene amapanga mafelemu a zitseko ndi zikocikale angathe kupanga miyendo ndi mpini. Magiya kapena cheni zingacoke ku makina akale. Cofunika kusamala ndi mitengo iwiri ija. Iyenera kukhala youma bwino, yoongoka, yobulungidwa pa makina kuti isasiye mpata, ndiponso yosatulutsa utoto. Mlombwa, ngakhale ndi wolimba, madzi ake ndi ofiira ndipo ungathimbirire nsalu yonyowa. Ndi bwinonso kukulunga mitengoyo ndi nsalu yoyera. Gulu limene lingafune kuyesa nchitoyi ngati bizinesi lingakumbukire kuti kuyambira mu 2022, pamene thumba la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse, m'thumbamo muli gawo lothandiza magulu a azimai ndi acinyamata.

Amene alibe ndalama angayambe ndi mtundu wakale uja. Pezani munsi watsopano wosalala ndi thabwa lolemera lotalika ngati mkono. Pindani citenje cacinyezi m'litali, cikulungeni mothina pa munsi, ikani pa tebulo lolimba, ndipo gudubuzani ndi thabwa uku mukutsindira. Cikamasuka, kulunganinso. Mudzaona nokha kusiyana kwake.

Cenjezo limodzi ndi la zala. Mitengo imene imakoka nsalu imakokanso dzanja. Ku America madokotala anali kulandira ana ambiri ovulala manja ndi makina ofinyira, makamaka oyendera magetsi amene saima okha. Wopukusa ndi wolowetsa nsalu azimvana, ndipo ana ang'ono asaseweretse mpini.

Nkhani ya mphutsi

Tsopano tifike pa cimene makinawa sangathe. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Covala cingatuluke mu mangle cili cosalala bwino, koma m'misoko mwake muli mazira amoyo.

Kuno ku Africa kumwera kwa cipululu ca Sahara kuli nchenche ina yofiirira cakucikasu, yokulirapo kuposa ya m'nyumba, imene akatswiri amaicha Cordylobia anthropophaga. Pa Cingelezi ena amati tumbu fly, ena mango fly, ndipo kuno ndi ku Zimbabwe amati putsi fly, dzina lomveka ngati liu lathu lakuti mphutsi. Nchenche imeneyi siluma, ndipo siikira mazira pa khungu la munthu. Yaikazi imaikira mazira 100 mpaka 300 nthawi imodzi pa dothi la mcenga la pamthunzi, makamaka pamene pali fungo la mkodzo kapena cimbudzi, kapenanso pa zovala zacinyezi zoyanikidwa pamthunzi.

Mazirawo amaswa pakapita tsiku limodzi mpaka atatu. Timphutsi take n'tating'ono kwambiri, tovuta kuona ndi maso, ndipo tingakhale kuposa sabata limodzi tikudikira popanda kudya. Tikamva kufunda kwa thupi, timaboola khungu n'kulowa, nthawi zambiri munthu osamva ciliconse. Pakapita masiku owerengeka pamatuluka cotupa ngati cithupsa, coyabwa ndi cobaya, cokhala ndi kabowo pakati pamene mphutsi imapumira. Ikakhala m'thupi masiku 8 mpaka 12 imatuluka, n'kugwa pansi, n'kukwiririka m'dothi mpaka isanduke nchenche. Agalu ndi makoswe ndiwo amasunga kwambiri mphutsi zimenezi, ndipo vutoli limakula m'nyengo ya mvula.

Amene amavutika kwambiri ndi makanda ndi ana ang'ono. Khungu lao ndi lofewa, matewera ao ngakhale atacapidwa amasunga kafungo ka mkodzo, ndipo m'midzi yambiri timayanika pa udzu, pa mpanda kapena pa zitsamba. Zotupa zimatuluka pamsana, m'matako, m'ncafu ndi m'mimba, malo amene covala cimakhudza.

Cimene cimapha mazira ndi timphutsi timeneti mosakaikitsa ndi kutentha. Nsimbi yochisira thonje imafika pa madigiri 200. Pa zovala zogula pamakhala kacithunzi ka nsimbi: kadontho kamodzi ndi madigiri 110, tiwiri ndi 150, titatu ndi 200. Ngakhale kutentha kwa kadontho kamodzi kumaposa kwa madzi owira, ndipo palibe dzira la nchenche limene lingapirire. Mangle ndi yozizira. Ingaphwanye mazira ena, koma amene abisala m'misoko, m'mipendero ndi m'lamba wa kabudula angapulumuke. Anthu a ku England ndi ku Norway sanade nkhawa ndi zimenezi cifukwa nchenche imeneyi kwao kulibe. Ife tikatengera makina ao tiyenera kukumbukira kuti dziko lathu ndi lina. Agogo athu amene anali kuumirira kuti ngakhale kabudula wamkati ndi thewera zipite pa nsimbi anali kuteteza thupi la mwana.

Wina akapezeka ndi cotupa cotere, asacitumbule ndi lumo kapena singano. Pakani mafuta a Vaseline ambiri pa kabowoko. Mphutsi ikasowa mpweya imatulutsa mutu, ndipo mungaifinye pang'onopang'ono kucokera m'mbali kuti ituluke yathunthu. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyera. Ngati zotupa zili zambiri, zili pafupi ndi diso, zili pa khanda, kapena bala layamba mafinya ndi kutentha thupi, pitani ku kiliniki yapafupi kapena ku cipatala monga St Francis ku Katete ndi Nyanje ku Sinda.

Tsono tingatani?

Njira yanzeru ndi kugawa nchito. Makatani, nsalu za pa tebulo, za pa guwa ndi zokongoletsera, zimene sizigona pa khungu la munthu, zingathere pa mangle pokha. Zitenje, mashiti a pa bedi ndi matawulo zingafinyidwe ndi kuongoledwa pa makina, kenaka nsimbi yotentha n'kungodutsapo msanga mbali zonse ziwiri. Popeza makwinya amakhala atatha kale, nsimbi siicedwa pa nsalu ndipo malasha ocepa amakwanira. Koma matewera, zovala za makanda, zamkati ndi mayunifomu a sukulu, izi zichisidwe ndi moto nthawi zonse, kunja ndi mkati, makamaka m'misoko.

Kayanikidwe nakonso n'kofunika. Mangani cingwe kapena waya pamalo a dzuwa, kutali ndi cimbudzi ndi pogona agalu, ndipo zovala zisakhudze pansi. Zikauma zianuleni msanga, zisagone panja. Nchenche imeneyi imakonda mthunzi, conco pansi pa mtengo wa mango si malo abwino oyanikira zovala za mwana.

Kwa amisiri a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, nayi nchito yoti muyese: mitengo iwiri, magiya ndi mpini. Kwa aphunzitsi ndi oyang'anira masukulu ogonera komweko, onetsetsani kuti ana ali ndi zingwe zoyanikira zokwanira ndi nthawi yochisa, makamaka kuyambira November mpaka April. Ndipo kwa inu amai ndi atate, makinawa akadzafika pa mudzi panu alandireni, apepuza nchito ndipo apulumutsa mitengo, koma nsimbi ya malasha musaitaye.